Kalata yotseguka: aloleni ana athu atuluke akaone maso a nkhono

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zamaphunziro,
Akuluakulu okonza silabasi ku Malawi Institute of Education ku Domasi,
Ndi akuluakulu a Nthambi yoona za Nyama Zakuthengo,

Landirani moni wanga mwaulemu.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale m'boma la Machinga, ndipo kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikuyang'anira kalabu ya Wildlife pasukulu pathu. Chandilembetsa kalatayi ndi bilimankhwe amene anafera kuseri kwa kalasi yanga.

Inali nthawi ya buleki. Ndinamva chiphokoso, ndipo nditathamangirako ndinapeza ana atapanga bwalo, miyala ili m'manja. Bilimankhwe anali atatsika mumtengo wa mango n'kumadutsa pabwalo ndi kayendedwe kake kaja, phazi m'mwamba, kuganiza kaye, kenako kuponda. Pomwe ndinkafika n'kuti atamuphwanya kale. Ndinafunsa kuti walakwanji. Wina anati ali ndi poizoni, wina anati ndi wa afiti, wina anangoti, "Timapha basi, aphunzitsi." Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti ana omwewa, sabata yapitayo, ndinali nditawafunsa pamayeso njira zitatu zosamalirira nyama zakuthengo, ndipo pafupifupi onse anakhoza. Ndinachonga ndekha ndi cholembera chofiira. Yankho analidziwa. Koma pakati pa yankho la m'kope ndi kanyama kamoyo kamene kanali pamapazi pawo panalibe njira yolumikiza.

Sindikuwaimba mlandu anawo. Ambiri a ife tinakula tikumva nthano ija yakuti Chauta anatuma bilimankhwe kukauza anthu kuti akafa adzadzukanso, koma iye anachedwa m'njira, buluzi n'kumupitirira ndi uthenga wa imfa. Mkwiyo umenewu tinayamwira. Palibe anatikhazika pansi kutionetsa kuti bilimankhwe alibe poizoni, kuti maso ake amayang'ana mbali ziwiri zosiyana nthawi imodzi, kuti ndi lilime lake lalitali lija amatichotsera ziwala ndi ntchentche, kuti akada thupi nthawi zambiri ndiye kuti wazizidwa kapena waopsezedwa. Zonsezi mwana angathe kudzionera yekha ndi maso ake, atangoima chapatali n'kukhala chete kwa mphindi khumi. Ndipo apa ndi pamene pagona pempho langa. M'sukulu zathu timaphunzitsa mayina a nyama, ubwino wa nyama, ndi kuti nyama zimabweretsa ndalama zakunja kudzera mwa alendo. Kupenya sitiphunzitsa. Kukhala chete pamaso pa cholengedwa china, osachigwira, osachigenda, osachithamangitsa, kungochiyang'ana mpaka chikuonetse khalidwe lake, phunziro limeneli mulibe m'ndondomeko ya tsiku ndi tsiku ya mwana wa Chimalawi.

Makolo athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambiwu ana amauloweza m'phunziro la Chichewa, amaulemba pamayeso, koma ndi angati anawaonadi masowo? Mvula itagwa chaka chimenecho, ndinatulutsa ana anga m'mawa kupita kumpanda kumene nkhono zimatuluka. Lamulo linali limodzi: manja kumbuyo, pakamwa potseka. Poyamba nkhono inabisala chifukwa cha mgugu wa mapazi. Anyamata ena anayamba kutopa, wina anatola kamtengo kuti aitokose, mnzake n'kumugwira dzanja. Patapita kanthawi inatulutsa mutu, kenako tinyanga tiwiri tatifupi, kenako tiwiri tatitali, ndipo kunsonga kwa tatitalito kunali timadontho takuda. Kamtsikana kena kanapuma mokweza, n'kunong'ona kuti, "Ndi awo maso!" Kalasi imene ndimavutika kuikhazika chete ngakhale ndi belu inakhala zii. Palibe ndalama imene inatuluka tsiku limenelo, ngakhale tambala.

Kuchokera pamenepo takhala tikuchita zimenezi kamodzi pasabata, ndipo bwalo la sukulu lomwe lija lasanduka buku. Pamtengo wina pali zisa za atchete. Ana anadzionera okha kuti woluka chisa ndi wamwamuna, kuti wamkazi amabwera kudzachiyendera, ndipo akachikana mwini wake amachiphwasula n'kuyambiranso. Anaona akakowa akutsata ng'ombe, ndipo m'malo mowauza chifukwa chake ndinawatuma kuti akaonetsetse. Anabwera ndi yankho lakuti mbalamezo zikudya tizilombo timene ng'ombe zikuvumbulutsa mu udzu. Pansi pa denga la tchalitchi chapafupi tinatola timibulu ta ubweya timene kadzidzi amalavula, tinatiphwanya ndi timitengo, ndipo munatuluka tizigaza ta makoswe ndi mbewa. Mbalame imene ikalira padenga anthu amaidzukira usiku ndi miyala ndi yomweyo imene ikulondera nkhokwe zawo. Ndiponso anamzeze ena amene amadzaza mawaya a magetsi mvula ikayandikira amakhala atachokera ku Ulaya, atadutsa chipululu cha Sahara, kambalame kosadzaza n'chikhatho chomwe. Mnyamata wina wodziwika ndi legeni atamva zimenezi anangoti kukamwa yasa. Legeni yake sindinamulande. Ndinangoona kuti masiku otsatira ankawerenga anamzeze pawaya m'malo mowalasa.

Inu a ku Domasi, pempho langa kwa inu n'lakuti zimenezi zisadalire mtima wa mphunzitsi mmodzimmodzi. Ikani m'silabasi ya sayansi ndi ya zachilengedwe piriyodi imodzi pasabata ya panja, kuyambira Sitandade 3 kapena 4, imene ntchito yake ndi kupenya ndi kulemba zimene waona: chiyani, kuti, nthawi yanji, chimachita chiyani. Masamba ochepa a kumapeto kwa kope ndi okwanira. Mwana ajambule, awerenge miyendo, alembe tsiku limene ngumbi zatuluka ndi tsiku limene achule ayamba kulira kudambo. Sayansi imayambira pomwepo. Ndipo mulole kuti alembe mayina a kwawo, a Chichewa, a Chiyao, a Chitumbuka, a Chilomwe, a Chisena, pambali pa a Chingerezi. Ndimaona ana odziwa kulemba dzina la Chingerezi la nyama imene ili ku Australia, koma osatha kusiyanitsa gwape ndi mbawala, kapena pumbwa ndi mpheta. Dzina likatayika, chinthucho chimasanduka "kambalame" chabe, "kachilombo" chabe, ndipo chopanda dzina sachedwa kuchigenda.

Ndikudziwa chimene aphunzitsi anzanga anene, chifukwa inenso ndimakhala nacho: kalasi ya ana oposa 100, silabasi yothamangitsa, mayeso a Sitandade 8 ali pakhomo. N'zoona. Ine ndimawagawa m'magulu, gulu lililonse ndi mtengo wake kapena chulu chake, ndipo ana a kalabu ndiwo amatsogolera anzawo. Zimatheka. Chovuta chachikulu si kuchuluka kwa ana ayi, koma kuti aphunzitsi ambirife sitinaphunzitsidwepo kupenya. Mphunzitsi amene akaona njoka iliyonse amakuwa kuti "Iphani!" sangaphunzitse mwana kubwerera m'mbuyo mwakachetechete n'kuisiyira njira. Choncho yambirani kusukulu zophunzitsa aphunzitsi. Bungwe loteteza nyama ndi zachilengedwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi (WESM), limene linayamba mu 1947 ndipo ndilo lakhala likulimbikitsa makalabu a Wildlife m'sukulu, lili ndi anthu odziwa ntchito imeneyi. Khalani nawo pansi.

Tsopano nditembenukire kwa inu a nyama zakuthengo, pa nkhani ya maulendo a sukulu.

Ndinapitapo ndi ana kumalo ena osungirako nyama, titasonkha ndalama kwa teremu yathunthu. Ulendowo tinauononga tokha, ife aphunzitsi, chifukwa sitinawakonzekeretse ana. M'basi munali nyimbo ndi ng'oma kuyambira pageti. Titaona nswala, ana onse anakhamukira mbali imodzi akukuwa, nswala n'kubalalika. Pamalo odyera anayamba kuponyera anyani mabisiketi, aphunzitsi ena akujambula ndi mafoni, kuseka. Pobwerera mapepala a maswiti ndi mabotolo ankatulukira pawindo. Titafika kusukulu, ana analemba chimangirizo chakuti ulendo unali wabwino koma nyama zinali zochepa. Nyama zinalipo. Zinatimva tili kutali.

Nyani amene wazolowera kulandira chakudya m'manja mwa munthu amasiya kuopa anthu. Mawa amalanda, mkuja amaluma mwana, ndipo mapeto ake amaphedwa ngati nyama yovuta, chonsecho anamuphunzitsa ndi ife. Izi ana sazidziwa. Amaona ngati akumuchitira chifundo. N'chifukwa chake ndikupempha kuti basi iliyonse ya sukulu isanalowe ku Liwonde, ku Majete, ku Lengwe, ku Kasungu, ku Nkhotakota, ku Vwaza kapena ku Nyika, ana atsike kaye pageti, wa gemu awalankhule m'chilankhulo chawo kwa mphindi zochepa, ndipo awauze zifukwa, osati malamulo okha. Mawu apansi chifukwa nyama zimamva kuposa ife. Osadyetsa chifukwa cha nyani uja. Osathyola duwa, osatola dzira kapena fulu, chifukwa wobwera mawa naye akufuna kudzaona. Ndipo basi ikaima penapake izime injini, ikhale mphindi khumi ndi zisanu pamalo amodzi. Kuli bwino mwana aone njiri imodzi ikugwada pamaondo kudya udzu, mchira n'kuimika ngati mlongoti ikadzidzimuka, kusiyana ndi kuthamangitsidwa paki yonse kusaka mkango. Ku Cape Maclear nako chimodzimodzi. Paki ya kunyanja ija inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha tinsomba totchedwa mbuna. Mwana akauzidwa kuti mbuna yaikazi imasunga mazira ndi tiana take m'kamwa, monga amachitiranso chambo, ndipo akagona pamwala n'kudzionera, samafunanso wina womufotokozera chifukwa chake nyanja amaitseka nthawi yoswana nsomba.

Pa maulendo omwewa ndionjezepo kuti oyamba kulowa akhale ana a m'midzi ya m'mphepete mwa mpanda wa paki. Ndikuyamikira kuti m'mapaki ena zimenezi zikuchitika kale. Zifalikire konse, chaka ndi chaka, zisamadikire kuti kwapezeka wothandiza.

Ana amenewa ndiwo ndikufuna kukhalapo pang'ono, chifukwa ndi amene ndimawaphunzitsa, ndipo ndi amene mabuku athu amawanamiza kwambiri. M'buku njovu ndi chuma cha dziko. Kwa mwana wa m'malire a paki njovu ndi chimene chinadya chimanga cha banja lonse usiku umodzi, chimene chimawagoneka bambo ake kumunda ndi moto ndi zitini. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu, ndipo kuchokera nthawi imeneyo anthu a m'midzi yozungulira, mbali ya Malawi ndi ya Zambia yomwe, akhala akudandaula za minda yoonongeka ndi abale amene anataya miyoyo. M'mphepete mwa Shire nkhani za ng'ona ndi mvuu si nthano. Mukamuuza mwana wotere kuti nyama ndi abwenzi athu, amangokuyang'anani, ndipo kuyambira pamenepo zonse zimene munene amazitenga ngati zolembera mayeso basi.

Ulemu umene ndikunena si wosisita nyama. Ndi ulemu umene timapereka kwa mfumu: kudziwa poima, osayandikira mwachibwana, kumva chenjezo lisanabwerezedwe. Mwana aphunzire kuti njovu ikatambasula makutu, n'kupukusa mutu, n'kuliza chitamba, ikumuuza kuti wayandikira kwambiri. Kuti yaikazi yokhala ndi mwana ndiyo yoopsa koposa. Kuti njovu zikalowa m'mudzi si nthawi yozithamangira m'chigulu ndi miyala ndi mafoni, pakuti anthu ambiri amavulala motero. Aphunzire kuti mvuu ikayasamula sikuti yagwidwa tulo, ikuonetsa mano. Kuti imatuluka usiku kukadya udzu, ndipo woima pakati pa iyo ndi madzi m'mamawa waima panjira ya imfa. Aphunzire kuti ng'ona imaloweza malo ndi nthawi imene anthu amatunga madzi tsiku ndi tsiku. Aphunzire kuti mphiri sithawa, imangogona phee panjira, choncho usiku ndi tochi ndi nsapato. Phunziro lopenya nyama ndi lomwelonso lopulumutsa moyo wa mwana. Ndipo mwana amene mwamuuza zoona za kuopsa kwa njovu adzakukhulupirirani mukamuuza za nzeru zake, kuti gulu limatsogozedwa ndi yaikazi yaikulu imene imakumbukira kumene kuli madzi chilala chikavuta, ndi kuti imatenga bere pafupifupi miyezi 22, n'chifukwa chake imodzi ikaphedwa malo ake sadzadzika msanga.

Za legeni, ulimbo ndi kusaka mbewa ndinene mosabisa. Sindingaime kutsogolo kwa mwana amene kwawo ndiwo ndi za masamba mwezi wathunthu n'kumuchititsa manyazi chifukwa wakumba mbewa. Zimenezo ndi ndiwo, ndipo ife tonse tinadya. Chimene ndimawaphunzitsa ndi kusiyana kwa kupha kuti udye ndi kupha chifukwa chinthu chayenda. Bilimankhwe sadyedwa. Gulo sadyedwa. Timbalame tosamera nthenga timene amatigwetsa m'chisa n'kutisiya padzuwa sitilowa mumphika wa munthu. Ndiponso kutentha tchire lonse chifukwa cha mbewa zochepa kumapha afulu, mazira a nkhwali ndi nkhanga, ndi timitengo timene tikanakhala nkhuni za mawa. Alenje akale ankadziwa malire amenewa. Kumanda sankadulako mtengo mwachisawawa, n'chifukwa chake m'midzi yambiri nkhalango yachilengedwe yatsala kumanda kokha. Pachilumba cha Mbenje ku Salima, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950, popanda kudikira lamulo la boma. Nzeru zoterezi zili m'mudzi uliwonse, mwa agogo amene amadziwa kulira kwa mbalame iliyonse ndi phazi la nyama iliyonse. Tsegulirani sukulu khomo kuti aziitanidwa kudzayenda ndi ana, asanapite nazo kumanda.

Palinso za lamulo. Kuyambira pamene lamulo la nyama zakuthengo linakhwimitsidwa mu 2017, wopezeka ndi minyanga ya njovu, nyanga ya chipembere kapena ngaka angathe kukhala kundende mpaka zaka 30. Ngaka ikaopsezedwa sithawa, imangodzipinda ngati nkhata, moti ngakhale mwana woweta mbuzi angathe kuinyamula. Mwana amene sanauzidwe kanthu adzaitengera kunyumba, ndipo akuluakulu adyera sadzachedwa kumva. Mwana amene anaphunzira adzaima patali, adzaiona ikudzitambasula n'kumapita kukasaka nyerere ndi chiswe, kenako adzauza aphunzitsi kapena a gemu. N'chimodzimodzi ndi tiana ta apusi, afulu ndi mbalame zimene zimagulitsidwa m'mphepete mwa msewu, kawirikawiri ndi ana. Ku Lilongwe Wildlife Centre kumafika nyama zambiri zoterezi, zolandidwa kwa anthu amene ankaziweta pachingwe. Kamwana ka pusi kakafika pamsewu, funsani kumene kuli mayi wake.

Mabwana, dziko lino linaonapo kale nkhalango yopanda nyama. Ku Majete njovu zinatheratu m'zaka za m'ma 1990, zipembere ndi mikango zinali zitapita kalekale, mpaka pamene boma linagwirizana ndi bungwe loyendetsa mapaki la African Parks mu 2003 n'kuyamba kubweretsa nyama pa malole. Mikango inabwerera mu 2012. Ku Nkhotakota njovu zinatsika kuchoka pa zoposa 1,500 kufika posakwana 100, ndipo mu 2016 ndi 2017 anachita kusamutsirako pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Ku Liwonde kuno, kuyambira 2015, a gemu atola misampha ya waya yoposa 40,000. Msampha uliwonse unatcheredwa ndi dzanja la munthu amene tsiku lina anakhalapo pansi m'kalasi ngati yanga. Njala ndi umphawi zili ndi gawo lake, sindikana. Koma ntchito yaikulu chotere, ya ndege, malole, mpanda wa magetsi ndi ndalama zankhaninkhani, tikuisiya m'manja mwa ana amene tikuwaphunzitsa nyama ngati mndandanda woloweza. Nkhwazi ili pachizindikiro cha dziko lathu, ndipo ana ambiri amene amaijambula m'kope sanaimepo chete kuimvera ikulira mutu utagwera chagada.

Kusintha silabasi kumatenga zaka, ndikudziwa. Koma pali chimodzi chimene inu a Unduna mungachite teremu ikubwerayi. Aphunzitsi ambiri amaopa kutulutsa ana panja chifukwa oyendera sukulu akapeza kalasi ili pansi pa mtengo wa atchete, yopanda choko ndi bolodi, angaone ngati mphunzitsi akuthawa ntchito. Lembani kalata yopita kwa ahedi ndi alangizi a m'mazoni yonena kuti piriyodi imodzi pasabata yopenya zachilengedwe panja ndi phunziro lovomerezeka, ndipo ilembedwe m'ndondomeko ya ntchito ngati ena onse. A nyama zakuthengo aikepo tsamba limodzi, m'zilankhulo zathu, la mmene mwana angaonere nyama popanda kuivulaza kapena kuvulala. Kalatayo itifike mvula yoyamba isanagwe, chifukwa nkhono zimatuluka nthawi imeneyo.

Ndine wanu pa ntchito yophunzitsa ana,

Mphunzitsi wa pulayimale
Machinga